ZA UMOYO WATHU: Cifukwa ninji insulini ndi ya jekiseni?

Odwala matenda a shuga ambiri amafunsa kuti, "Kodi kulibe mapiritsi a insulini?" Ena amaleka jekiseni cifukwa ca kutopa nayo. Tiyeni tiphunzire za nkhaniyi.

Kuseri kwa cifu kuli ciwalo cochedwa pankiriyasi. Ena amati kapamba, koma si kapamba uja amatupa ndi malungo. M'ciwalo cimeneci muli timagulu ta maselo timene Paul Langerhans wa ku Germany anatipeza mu 1869. Ena mwa maselowa amapanga insulini ndi kuisunga m'timatumba tating'ono, monga cimanga m'nkhokwe. Munthu akadya nsima, shuga amakwera m'magazi, ndipo timatumbato timatsegukira m'magazi. Insulini imathandiza shuga kulowa m'minofu kuti thupi lipeze mphamvu.

Maselowa akafa, kapena insulini ikapanda kugwira bwino nchito, shuga amacuruka m'magazi. Munthu amakodza kawirikawiri, amamva ludzu kwambiri, amaonda ndi kufooka.

Insulini ndi puroteni, monga ya m'nyama ndi m'mazira. Mukaimwa, cifu cimaigaya ngati ndiwo isanafike m'magazi. Ici ndico cifukwa cake imaperekedwa ndi jekiseni. Frederick Banting ndi Charles Best anaipeza ku Toronto mu 1921, ndipo mu 1922 inapulumutsa mnyamata wa zaka 14. Mapiritsi a metformin ndi glibenclamide si insulini. Amathandiza okhawo amene thupi lawo likali kupanga insulini.

Kumbukirani izi:

1. Kutentha kumaononga insulini monga moto usandutsa dzira. Isungeni m'firiji, koma isaume ngati madzi oundana. Ngati mulibe firiji, ikani botolo m'kacitini kotseka, kaikeni mu mphika wadothi wa mcenga wonyowa, pamthunzi, makamaka mu October.

2. Musaleke jekiseni popanda kuuzidwa ndi a cipatala. Kwa mwana wa shuga, kuleka kungadzetse cikomokere ndi imfa m'masiku ocepa.

3. Musalumphe cakudya mutabaya. Wodwala akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, mpatseni madzi a shuga msanga. Akakomoka musamumwetse kanthu; thamangirani naye kucipatala.

Amene muli ndi zizindikiro tazichulazi, pitani ku kiliniki ya Mwase Lundazi kapena ku cipatala ca Lundazi Boma mukapimitse magazi.