Ngodya ndi madigiri: phunziro la ana a Sitandade 5 mpaka 8

Loweruka lapitali, pa kalasi yathu yothandiza ana masamu kuno ku Dzaleka, ndinatenga kamtengo n'kujambula ngodya ziwiri pa dothi. Yoyamba inali ndi mizere yaifupi ngati chala, koma yotseguka kwambiri. Yachiwiri inali ndi mizere yaitali kuposa mkono wanga, koma yoyandikana. Ndinafunsa kuti, "Yaikulu ndi iti?" Pafupifupi ana onse analoza ya mizere yaitali ija, ena mpaka kukuwa ndithu. Analakwa, ndipo ena mwa iwo ali mu Sitandade 8, akukonzekera mayeso a PSLCE. N'chifukwa chake ndapempha malo m'kalata ino kuti ndibwereze phunziroli. Makolo, ngati mwana wanu sanazolowere kuwerenga Chichewa, muwerengereni, ndipo zimene ndalemba pano muchite naye limodzi.

Ngodya imapezeka pamene mizere iwiri yakumana. Ife amene tinaphunzira ku Congo tinkaitchula m'Chifalansa kuti angle, ndipo m'Chingelezi mawuwa amalembedwa chimodzimodzi, amangosiyana katchulidwe. M'Chiswahili ndi pembe. Koma kukula kwa ngodya sikuli m'kutalika kwa mizere ayi. Kuli m'mene mizereyo yatsegukira.

Pitani pa chitseko cha nyumba yanu. Chikankheni pang'ono kuti mphaka yekha adutse. Pakati pa chitsekocho ndi pamene chinali chili chotseka papangika ngodya yaing'ono. Chitseguleni tsopano kuti amayi osenza ndowa alowe. Ngodya ija yakula, koma chitseko chili chomwecho, sichinatalike. Chitseko chachikulu cha tchalitchi ndi kachitseko ka khola la nkhuku zikatsegulidwa mofanana, ngodya zake n'zofanana. Mukamva zimenezi, zotsalazo sizivuta.

Nsalu timayeza ndi mamita, ufa ndi makilogalamu, ngodya timayeza ndi madigiri. Chizindikiro chake ndi kaziro kakang'ono pamwamba pa nambala, chonchi: 90°. Imirirani panja muyang'ane kummawa kumene dzuwa limatulukira. Zungulirani pamalo pomwepo mpaka muyang'anenso kummawa. Mwatembenuka madigiri 360. Mukalekeza pakati, mutayang'ana kumadzulo, ndiye kuti mwatembenuka madigiri 180. Mukachoka kummawa n'kutembenukira kumanzere mpaka muyang'ane kumpoto, amenewo ndi madigiri 90.

Mtsikana wina anandifunsa chifukwa chake ali 360, osati 100. Funso labwino kwambiri. Kawerengedwe kameneka kanachokera kwa anthu akale a ku Babylon, dera limene lero lili m'dziko la Iraq. Iwo ankawerenga zinthu m'magulu a 60, ndipo n'chifukwa chakenso ola limodzi lili ndi mphindi 60. Ubwino wa 360 ndi wakuti imagawika bwino ndi 2, 3, 4, 5, 6, 8, 9, 10 ndi 12 popanda chotsala. Yesani kugawa 100 ndi 3 muone mmene ikanire.

Ngodya ya madigiri 90 ndiyo mudzakumana nayo kwambiri. M'kalasi amaitchula right angle, amisiri omanga nyumba amati sikweya. Mutha kuipanga nokha osagula chilichonse. Tengani pepala lililonse, ngakhale long'ambika, mulipinde kamodzi. Lipindeninso kachiwiri, koma muonetsetse kuti mzere wopindika uja wagona ndendende pa womwewo. Pakona imene yatulukayo pali madigiri 90 enieni. Yendani nalo pepalalo m'nyumba, muyeze kona ya buku, ya tebulo, ya zenera.

Pepala lomwelo likuthandizani kudziwa mayina ena amene amabwera pa mayeso. Ngodya yochepera pa pepala lanu, yosakwana madigiri 90, ndi acute angle, monga nsonga ya pensulo kapena sizasi yotsegula pang'ono. Yoposa madigiri 90 koma yosafika 180 ndi obtuse angle. Ya madigiri 180 ndi straight angle, ndipo imangooneka ngati mzere umodzi woongoka. Yoposa 180 koma yosafika 360 ndi reflex angle. Mayinawa muwaloweze m'Chingelezi momwemo, chifukwa funso lidzabwera m'Chingelezi.

Ambiri masiku ano timaona nthawi pa foni, choncho jambulani wotchi ya mivi pa dothi. Ili ndi manambala 12 kuzungulira. Gawani 360 ndi 12, mupeza 30. Ndiye kuti kuchoka pa nambala imodzi kufika pa yotsatira pali madigiri 30. Nthawi ya 1 koloko mivi iwiriyo imapanga madigiri 30, ya 3 koloko madigiri 90, ya 5 koloko madigiri 150, ndipo ya 6 koloko imaongoka n'kupanga 180. Taonaninso kuti muvi wina ndi wautali, wina waufupi, koma powerengera sitinafunse za kutalika kwake ngakhale kamodzi.

Tsopano protractor, kachipangizo kapulasitiki kooneka ngati theka la mwezi kamene kamakhala m'kabokosi ka zida za masamu. Ikani pakati pake penipeni pamene mizere yakumana, ndipo mzere wa 0 ugone pa umodzi wa mizere ya ngodyayo. Apa ndi pamene ana ambiri amataya mamalikisi. Protractor ili ndi mizere iwiri ya manambala, wina woyambira kumanja, wina woyambira kumanzere, choncho pamalo amodzi muona 60 komanso 120. Yambani kuwerenga kuchokera pa 0 amene wagona pa mzere wanu. Ndipo musanayeze, yang'anani kaye ndi maso. Ngati ngodyayo ndi yochepera pa kona ya pepala lanu lija, yankho silingakhale 120. Ndikudziwa kuti si aliyense ali ndi protractor. Pa kalasi yathu timabwerekana, ndipo palibe amene amabwezedwa chifukwa chosowa.

Chinthu china choti muyese ndi manja. Jambulani triangle iliyonse, ndiye kuti chojambula cha mbali zitatu zoongoka, muidule. Ng'ambani makona ake atatu, muwaike moyandikana nsonga zake zitakumana pamodzi. Apanga mzere woongoka. Izi zikutanthauza kuti ngodya zitatu za triangle zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180. Jambulani yaikulu, yaing'ono, yopendekeka, yankho silisintha. Choncho akakupatsani ngodya ziwiri, 70 ndi 50, phatikizani mupeze 120, kenako chotsani pa 180. Yachitatuyo ndi 60.

Mnyamata wina ananena kuti zimenezi n'za pa mayeso basi. Ndinamuuza za nyumba yanga. Nditapatsidwa malo omangapo, ndinaumba zidina ndi mnzanga, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama ya mmisiri tinayala maziko tokha, makona tikungoyeza ndi maso. Makoma anakwera bwinobwino, ine ndikudzitama. Vuto linaonekera tsiku lokhoma malata. Malata amabwera ndi makona a madigiri 90, sadziwa kunama. Mbali ina anatulukira kunja kwambiri, mbali ina anapereweza, khoma n'kutsala pamtunda. Mvula yoyamba itagwa, madzi anatsikira m'khomamo ndipo zidina zinayamba kusungunuka. Tinagumula mbali imeneyo n'kumanganso, ndipo ndalama imene ndinawononga inaposa imene ndikanalipira mmisiri.

Pomanganso paja, bambo wina wachikulire wa ku Burundi amene wakhala akumanga nyumba kwa zaka zambiri anandionetsa njira yake. Anakhoma chikhomo pakona n'kumangapo zingwe ziwiri. Pa chingwe china anayeza masentimita 60, pa chinacho 80, naika zizindikiro. Kenako anayeza mopingasa kuchoka pa chizindikiro china kufika pa chinzake. Anati pakakwana masentimita 100, konayo ndi sikweya. Pakaposa 100, yatseguka kwambiri, pakachepa, yapanikizika, ndipo umasuntha chingwe mpaka pakwane. Ndinachita manyazi, chifukwa ndinazindikira kuti ndi lamulo la Pythagoras limene ndinaliphunzira ku sekondale n'kulisiya m'kope: mbali za 3, 4 ndi 5, pakuti 9 kuphatikiza 16 ndi 25. Bamboyo dzina la Pythagoras sankalidziwa n'komwe. Inu lamuloli mudzaliphunzira bwino ku sekondale, koma chingwe ndi tepi mutha kuyesa lero.

Nayi ntchito yoti mubwere nayo Loweruka likubwerali. Pezani zinthu zitatu pakhomo panu kapena pa msika wa Lachiwiri: china cha acute angle, china cha right angle, china cha obtuse angle, muzilembe m'kope. Pezani ngodya yachitatu ya triangle imene ina ndi 90 ndipo ina ndi 35. Mupezenso madigiri amene mivi ya wotchi imapanga nthawi ya 4 koloko. A Sitandade 8, lanu ndi ili: nthawi ya 3:30 mivi imapanga madigiri angati? Musathamangire kulemba 90, yang'anani kaye pamene muvi waufupi wafika. Amene alibe kope abwere basi, tidzalemba pa dothi.