Mavu akamanga pakhonde, musathamangire moto

Mavu akamanga chisa pakhomo, ambiri timathamangira muuni. Timamanga udzu kunsonga ya nsungwi, kuyatsa, n'kulozetsa kudenga. Mavu amafadi, koma m'chilimwe, udzu wa padenga utauma gwa ndiponso mphepo ikukuntha, kamoto kamodzi kothetheka n'kokwanira kunyeketsa nyumba ndi nkhokwe yomwe. Nayo nyumba ya malata ili ndi mitengo ya denga, siling'i ndi mawaya a magetsi. Petulo ndi palafini ndiye musaziganizire n'komwe.

Yambani mwaona kaye mtundu wa mavuwo. Aja amene amaumba timiphika tadothi pakhoma kapena kuseri kwa kabati amakhala okhaokha ndipo saluma munthu mwachisawawa. M'timiphikamo amasungamo akangaude kapena mbozi zoti ana awo adzadye. Ngati timiphikato tikukunyansani, palani ndi mpeni n'kusesa, nkhani yatha. Ovuta ndi aja a pagulu, ofiirira, a miyendo yaitali yolendewera akamauluka. Chisa chawo amachipanga ndi timakungwa ndi mitengo youma zimene amatafuna n'kusakaniza ndi malovu, ndipo chimalendewera pa kaphesi kamodzi, timabowo take titayang'ana pansi. Mavu amenewa sasiya mbola pathupi monga imachitira njuchi, choncho mmodzi yemweyo akhoza kukulumani kangapo.

Komabe si chisa chilichonse chofunika kuchotsa. Mavu amadyetsa ana awo mbozi, zomwezija zimene zimaboola kabichi, mpiru ndi masamba a chimanga. Chisa chili mumtengo kumapeto kwa dimba, kumene ana sasewerako, chisiyeni. Akukugwirirani ganyu yaulere. Chochotsa ndi chimene chili pamwamba pa chitseko, pakhonde, m'bafa, m'chimbudzi chokumba, m'khola, kapena mumtengo wa mango umene ana amakwera ndi kugenda. Ngati pakhomopo pali munthu amene anatupapo thupi lonse atalumidwa, chotsani chisa chilichonse chapafupi, ndipo iyeyo asakhale wogwira ntchitoyo.

Masana ndi nthawi yolakwika yochotsera chisa. Mavu ambiri amakhala atapita kosaka, ndipo otsalawo amakhala a changu chifukwa cha kutentha. Dikirani mdima ugwe, kapena dzukani m'mbandakucha kukadali kozizira: pafupifupi onse amakhala ataunjikana pachisa, ali ofooka. Koma chisacho muchione kukadawala, mudziwe pomwe mudzaime ndi komwe mudzathawire. Chotsani ndowa, njinga ndi zingwe zoyanikapo zovala m'njiramo. Ana ndi ziweto akhale m'nyumba, mawindo otseka.

Valani zokhuthala: ovolosi kapena jekete ndi buluku la jinzi lolowetsa m'magambutu, magolovesi, chipewa chachikulu. Pamwamba pa chipewacho funditsani neti yakale ya udzudzu, n'kuilowetsa m'kolala kuti isagunde nkhope. Tochi musaigwire m'manja, chifukwa mavu akadzidzimuka amalunjika kumene kukuchokera kuwala. Ikani pampando chapatali, iwunikire chisacho cham'mbali, inu muime kumdima.

Chida chenicheni ndi madzi a sopo. Sungunulani masupuni atatu a sopo wamadzi wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi. Sopo waufa wochapira amagwiranso ntchito akasungunuka bwino. Mavu amapumira m'timabowo ta m'mbali mwa thupi lawo. Madzi wamba amangoterereka pathupipo, koma a sopo amamatirira, kulowa m'timabowo tija ndi kulemeretsa mapiko, moti amagwa pansi osatha kuuluka n'kufa posakhalitsa. Sipuleya ya kumunda, yoberekera kumsana ija, ndiyo yabwino kwambiri chifukwa imaponya madzi patali. Itsukeni kaye, makamaka ngati munapoperamo mankhwala a thonje kapena ophera udzu. Ikasowa, botolo lapulasitiki loboola chivindikiro limathandiza pa chisa chaching'ono chapafupi.

Imani cham'mbali, osati kunsi kwenikweni kwa chisa, poti akugwawo adzakugwerani m'khosi. Mukayamba kupopera musalekeze kuti muone ngati zikuyenda. Nyowetsani chisa chonse mpaka chizidontha, ndipo mukatero chokanipo mosathamanga, mosakupiza manja. Doom kapena mankhwala ena opopera tizilombo touluka amapha ndithu, kungoti amafuna kuti muyandikire kwambiri, ndiponso amayaka akakumana ndi kandulo, nyali kapena mbaula. Chisa chikakhala m'bokosi la mita ya magetsi kapena pafupi ndi mawaya, madzi ayi. Itanani wodziwa zamagetsi azimitse kaye. Za makwerero ndinene mosabisa: munthu akalumidwa ali pamwamba amaiwala kuti ali pamwamba, ndipo kuthyoka mwendo n'koopsa kuposa mbola. Chisa chimene simungachifike mutaima pansi ndi ntchito ya anthu opopera tizilombo m'nyumba.

M'mawa mwake, mukaona kuti pachisa palibe choyenda, chigwetseni ndi mtengo wautali. Chipondeni ndi gambutu kapena chikwirireni, chifukwa ana amene ali m'timabowo totsekedwa akhoza kutulukabe. Mavu akufawo sesani, ana angawaponde opanda nsapato. Kenaka palani kaphesi kaja ndi kutsuka malowo ndi sopo. Ena amene anagona kwina adzazungulirapo masiku angapo, ndipo mwina adzayesa kumanganso pomwepo. Muziyang'ana pansi pa denga mukamasesa. Chisa chongoyamba kumene, cha timabowo towerengeka ndi mavu awiri kapena atatu, chimachoka ndi madzi a sopo a m'kapu imodzi.

Mukaona tizilombo tambirimbiri tikulowa ndi kutuluka pabowo la m'siling'i, m'khoma kapena m'mphako, mwina ndi njuchi. Zimenezo musaziyese nokha, ndipo bowolo musalitseke, zingatulukire m'nyumba. Njuchi zathu kuno zimaukira mwaunyinji ndipo zimapha anthu ndi ziweto. Funani mlimi wa njuchi wokhala ndi zovala zake. Ambiri amakondwa kusamutsira gululo mumng'oma.

Wina akalumidwa, achoke msanga pamalopo, chifukwa fungo la ululu wa mbola limaitana anzake. Tsukani ndi sopo, ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira kapena ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 10. Ngati ndi padzanja, vulani mphete chala chisanatupe. Panado amachepetsa ululu, ndipo Piriton amathandiza pa kuyabwa ndi kutupa, ngakhale amagonetsa. Mlingo wa mwana funsani achipatala. Kutupa kwa pamalo olumidwa pokha, ngakhale kwa masiku awiri kapena atatu, n'kwachizolowezi.

Choopsa n'chakuti munthu atupe milomo, lilime kapena zikope pamene walumidwa pamwendo, atuluke zidzolo thupi lonse, azibanika, mawu asase, achite chizungulire kapena akomoke. Izi zimabwera mwamsanga, kawirikawiri ola lisanathe, ndipo Piriton yekha sangazithetse. Pamafunika jakisoni wa adrenaline kuchipatala. Pezani galimoto kapena kabaza nthawi yomweyo. Amene ali ndi chizungulire agone chagada miyendo itakwezedwa, amene akubanika akhale tsonga, ndipo asayende yekha wapansi. Chimodzimodzinso mwana wamng'ono amene walumidwa malo ambiri, ndi aliyense amene walumidwa m'kamwa kapena kummero: apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino.