Mafunso ndi mayankho: msana ukamawawa pa wodwala khansa

Makalata achuluka sabata ino, ndiye ena ndingowadutsa mwachangu.

Bambo wina wa ku Mchinji akufunsa ngati mofini amene apatsidwa akazi awo akusonyeza kuti achipatala ataya mtima. Ayi bambo. Mofini amaperekedwa poona kukula kwa ululu, ndipo alipo ambiri amene amamwa kwa miyezi uku akuyenda ndi kugwira tintchito tawo. Apatseni pa nthawi imene anakuuzani, musadikire kuti ayambe kubuula. Mtsikana wina wa ku Zomba akuti agogo ake akumwa bufeni ndi indosidi wogula pa okala kuwonjezera pa mankhwala akuchipatala. Mwanawe, izi ndimanena sabata iliyonse: mankhwala awiriwa ndi pachibale, onse amakanda m'mimba ndi kuwononga impso. Asiye, ndipo ukawauze achipatala zonse zimene akhala akumwa, ndi zachikuda zomwe.

Kalata imene ndikufuna tikhalepo ndi ya mayi wina wa ku Balaka, amene akusamala mchemwali wawo wodwala khansa ya khomo la chiberekero yomwe inafalikira kale. Akuti msana wavuta kwa masabata awiri, ndipo apabanja agwirizana kuti ndi khansa yomweyo yalowa m'mafupa, palibenso chopitira kuchipatala. Iwo akungofuna kudziwa kuti awonjezere mofini wochuluka bwanji. Mayi, mlingo wa mofini sunenedwa pa wailesi. Koma ndikufunseni kaye: msanawo anaupima ndani? Mwachita zimene mabanja ambiri amachita. Munthu akangouzidwa kuti ali ndi khansa, chilichonse chowawa m'thupi mwake timachikankhira kwa khansayo, ngati kuti matenda ena onse amamuopa tsopano. Chonsecho msana wake ndi womwe uja wakhala ukusenza madzi ndi nkhuni ndi kuwerama m'munda zaka zonsezi, ndipo thupi lofooka ndi limene matenda ena amalowamo mosavuta.

Pa khansa ya khomo la chiberekero, koyamba kuganizira ndi impso. Impso zili kumbuyo, m'mbali mwa msana, pansi pa nthiti zomaliza. Majeremusi akakwera kuchokera m'chikhodzodzo, munthu amamva kuwawa pamenepo, thupi limatentha, amanjenjemera, mkodzo umawotcha. Amenewa ndi matenda ochizika ndi mankhwala opha majeremusi m'masiku ochepa. Komanso chotupacho chimatha kufinya timapaipi totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, mkodzo n'kumabwerera, impso n'kutupa. Apa ndiye pali ngozi pa funso lanu lija. Zotsalira za mofini zimatuluka m'thupi kudzera mu impso. Impso zikafooka, inu n'kumangowonjezera mlingo, mankhwalawo amaunjikana: wodwala amangosinza, amasokonezeka, manja amadzidzimuka okha, apabanja n'kumati basi nthawi yakwana, pomwe ndi mankhwala achuluka. Choncho taonani kaye, kodi akukodza monga kale?

Funso lina limene anthu amachita nalo manyazi ndi la chimbudzi. Mofini amadzimbitsa pafupifupi aliyense womumwa, n'chifukwa chake amayenera kuyendera limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba monga bisacodyl. Chimbudzi chikauma m'matumbo kwa masiku, ululu umamveka m'chiuno ndi kumunsi kwa msana. Chonyenga n'chakuti nthawi zina timadzi timadutsa m'mbali mwa chouma chija n'kudetsa chitenje, wosamala n'kuganiza kuti wodwala watsegula m'mimba, n'kumupatsa mankhwala omanga. Mukawonjezera mofini pamenepo mwawonjezera vuto lomwe likuwawitsa msanawo.

Muvuleninso malaya muyang'ane khungu, pakuti ambiri mumapereka mankhwala osaona pomwe pakuwawapo. Mashingozi amayamba ndi kuwotcha mbali imodzi ya msana, khungu lili bwinobwino, moti ngakhale nsalu ikakhudza munthu amakuwa. Pakapita masiku angapo m'pamene timatuza timatuluka mondondozana, kuchokera pa msana kuzungulira kukafika pachifuwa kapena pamimba, osadumphira mbali inayo. Mankhwala ake, aciclovir, amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72 matuza atatuluka. Yang'ananinso pa fupa la kumunsi kwa msana, pamene pamagunda mphasa: khungu likasintha mtundu, likatentha kapena kunyololoka, chilonda cha pogona chayamba, ndipo chofunika ndi kumutembenuza pafupipafupi. Kuno kwathu, kumene ambiri odwala khansa alinso ndi HIV, TB ya msana nayonso sitingaiiwale. Imabwera pang'onopang'ono, ndi thukuta la usiku ndi kuwonda, zomwe apabanja amati ndi khansa, chonsecho mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma. Kwa amayi a khansa ya m'mawere ndi abambo a khansa ya prostate, mankhwala ena otsitsa mahomoni amafewetsa mafupa, monganso amachitira prednisolone akamwedwa nthawi yaitali, moti fupa la msana limatha kuphwanyika lokha popanda khansa kulowamo.

Wina anena kuti adokotala mukutinamiza, msana wotere nthawi zambiri imakhala khansa ndithu. Sindikana. Khansa ya m'mawere, ya prostate ndi ya m'mapapo zimakonda kupita ku mafupa a msana. Koma zimenezo zikungowonjezera chifukwa chopitira kuchipatala msanga. Chotupa chikayamba kufinya mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa msana, ululu umakula usiku munthu akagona chagada, umalasa akatsokomola, nthawi zina umamanga ngati lamba kuzungulira chifuwa kapena mimba. Kenako miyendo imalemera, imachita dzanzi, patapata amavuka kuphazi mwini wake osadziwa, mkodzo umakanika kapena umangotuluka wokha. Izi ndimabwereza pa pulogalamu ino mpaka mudzatope nane: mukaona chimodzi mwa zimenezi, pitani tsiku lomwelo. Mankhwala a dexamethasone amachepetsa kutupa pa mtsemphawo, ndipo amene wathandizidwa akadali kuyenda ndiye amakhala ndi mwayi wopitiriza kuyenda. Miyendo ikazizira kwa masiku, kawirikawiri sibwereranso. Mphini ndi kuthowa ndi madzi otentha zimangodya nthawi imeneyo, ndipo khungu la dzanzi limapsa mwini wake osamva.

Ena akuti, anatiuza kale kuti sachira, tiwonongerenji ndalama ya galimoto? Vuto la ndalama ndi lenileni, ndipo kunyamula munthu wa ululu pa kabaza si masewera. Koma mawu akuti khansa sichira amanena za khansayo basi. Sakunena za matenda a mkodzo, kudzimbidwa kapena TB. Munthu amene watsala ndi miyezi yowerengeka ndiye sayenera kutaya masabata atatu akulira ndi chinthu chochizika. Ndiponso zambiri mwa zimenezi sizifuna makina aakulu. Kufunsa bwino, kugogoda msana, kuyesa mphamvu ya miyendo, kugwira pamimba ndi kuyeza mkodzo zimatheka pa chipatala chapafupi, ndipo achipatalawo ndiwo angaone ngati pakufunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Chisamaliro chochepetsa ululu chilipo m'zipatala za m'maboma, ku Tiyanjane pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ku Ndi Moyo ku Salima, ndipo ntchito yake imayamba ndi kufufuza chimene chikuwawitsa.

Ndiye mayi a ku Balaka, mofini musamusiye mwadzidzidzi, komanso musawonjezere panokha. Madzulo ano afunseni mchemwali wanu aloze ndi chala pamene pakuwawa, muone khungu, mudziwe tsiku lomaliza kupita kuchimbudzi ndi mmene mkodzo ukutulukira. Mawa mupite nawo kuchipatala, mutanyamula buku lawo lakuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Ngati miyendo yayamba kale kufooka kapena mkodzo wasiya, musadikire mawa, nyamukani lero.