Fayilo yasowa, kompyuta ikukana: mayankho kwa ogwiritsa ntchito kompyuta ku Mtakataka

Pa msewu wa M5, kuyambira ku Golomoti kudzera ku Mua mpaka pa Mtakataka, makompyuta a padesiki alipo ndithu: mu ofesi ya a hedi, ku parishi, kuchipatala, m'timashopu totayipira makalata ndi tobenera nyimbo. Ambiri ndi akaunjika, ndipo imodzi imadutsa m'manja mwa anthu ambiri pa tsiku. Ikayamba kuvuta, mmisiri wodziwa bwino amakhala kutali, ku Salima kapena kumtunda ku Dedza boma, ndiye anthu amathamangira yankho limodzi lokha: ifomatidwe. Zimandiwawa, chifukwa pamodzi ndi vutolo pamafufutika mayeso a zaka zingapo, kaundula wa ubatizo, mabuku a gulu la banki mkhonde. Chonsecho nthawi zambiri makinawo amakhala ali bwinobwino. Chimene chasokonekera ndi pomwe fayilo yakhala, kapena yemwe ali ndi chilolezo choikhudza.

Ndinaseva kalata dzulo, lero sindikuiona. Yapita kuti?

Kawirikawiri sinapite kulikonse. Mu Windows munthu aliyense wolowa ndi dzina lake ali ndi foda yakeyake pansi pa C:\Users, ndipo Desktop, Documents ndi Downloads zili mkati mwa foda imeneyo. Ngati dzulo munalowa ndi akaunti ya a hedi koma lero mwalowa ndi ya aphunzitsi, Desktop yomwe mukuiona ndi ina, ngakhale chithunzi cha kumbuyo chikufanana. Tsekulani Word, dinani File kenako Open: pansi pa dzina la kalata iliyonse yaposachedwa pamalembedwa foda yomwe ili. Zikakanika, tsekulani This PC ndipo m'kabokosi kofufuzira lembani *.docx, makalata onse a Word atuluka.

Pa Windows 10 ndi 11 pali msampha wina. Ngati woikonza analowa ndi akaunti ya Microsoft, Documents ikhoza kukhala itasamukira mu OneDrive. Fayilo yokhala ndi kachizindikiro ka mtambo ili pa intaneti, m'makinamo mulibe, ndipo bandulo ikatha siitseguka. Tsiku lomwe muli ndi netiweki, dinani fodayo ndi batani la kumanja la mausi, musankhe Always keep on this device.

Mafayilo onse a m'fulashi asanduka mashotikati. Kodi apita?

Ayi, abisidwa. Nkhani yake imayenda motere: Loweruka fulashi inapita pa tredingi kukabenetsa nyimbo, Lolemba yomweyo yanyamula mayeso a Fomu 2. Mukaitsekula mukupeza mafoda onse ali ndi kamuvi kakang'ono pakona. Musadine ngakhale kamodzi, chifukwa kudinako ndi kumene kumadzutsa vayirasi kuti ilowe m'kompyuta yanu. Yambani mwayang'ana Properties ya fulashiyo. Ngati ikusonyeza kuti malo ndi odzaza monga kale, katundu wanu alimo.

Onani chilembo chomwe fulashiyo yapatsidwa, tinene kuti ndi E. Tsekulani Command Prompt, mulembe ndendende motere: attrib -h -r -s /s /d E:\*.* kenako Enter. Lamulo limeneli limachotsa zizindikiro zitatu zomwe vayirasi inapachika pa mafayilo anu, cha kubisa, cha kuletsa kusintha, ndi chonamizira kuti ndi mafayilo a Windows. Mafoda enieni akaonekera, akopereni pamalo ena, fufutani mashotikati aja ndi timafayilo tachilendo tothera ndi .vbs, kenako pimani fulashi ndi kompyuta yomwe ndi Microsoft Defender. Mukapima fulashi yokha, mawa idwalanso. Kufomata musanayese zimenezi ndi kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Langizo langa kwa aphunzitsi ndi alembi: khalani ndi mafulashi awiri. Ya nyimbo ndi mafilimu isalowe mu ofesi.

Ikulemba kuti "Access denied" kapena "You need permission". Kompyuta ndi yathu, ikutikaniza bwanji?

Fayilo iliyonse pa disiki ya Windows ili ndi mwini wake komanso mndandanda wa omwe angaiwerenge, angaisinthe, angaifufute. Uthengawu ukutanthauza kuti akaunti yomwe mwalowa nayo mulibe m'ndandandamo.

Funsani kaye kuti mukufuna kukhudza chiyani. Ngati mukuseva kalata mu C:\Windows, mu Program Files, kapena pa C: penipeni, kompyuta ikukana mwanzeru. Amenewo si malo a makalata. Sevani mu Documents, nkhani yatha.

Zimasiyana mukachotsa disiki m'kompyuta yakufa n'kuilumikiza ku ina kuti mupulumutse mafayilo. Mafayilowo akadali m'dzina la mwini wakale, yemwe kompyuta yatsopanoyo sikumudziwa. Apa lowani ngati administrator, dinani fodayo ndi batani la kumanja, pitani ku Properties, Security, Advanced. Pomwe palembedwa Owner dinani Change, lembani dzina la akaunti yanu, chongani kabokosi konena za subcontainers and objects, n'kudina OK. Chitani zimenezi pa foda ya makalata yokha. Mukazichita pa foda ya Windows, mudzadzipangira vuto lalikulu kuposa lomwe munali nalo. Disiki ikakhala yokhomedwa ndi BitLocker, njira imeneyi siigwira, pamafunika kiyi yake ya manambala 48.

Bwanji osangopatsa aliyense mphamvu za administrator kuti tisamavutike?

Chifukwa pulogalamu iliyonse yomwe munthu watsekula imatenga mphamvu za munthuyo. Mwana wa sukulu akadina shotikati ya vayirasi ali mu akaunti wamba, zambiri zomwe zingawonongeke ndi za m'foda yake. Akadina ali mu akaunti ya administrator n'kuvomera kafunso kotuluka, makina onse ali pangozi. Kafunso kameneko, kodetsa sikirini n'kufunsa Yes kapena No, kanabwera ndi Windows Vista mu 2007, ndipo anthu ambiri anazolowera kudina Yes osawerenga. Kakatuluka inu musanapemphe kuika pulogalamu iliyonse, yankho ndi No.

Kompyuta ya anthu ambiri ikhale ndi akaunti imodzi ya administrator, yoikira mapulogalamu basi, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku ichitikire m'maakaunti wamba. Zofunika kuti onse aziziona, monga mafomu ndi ndondomeko ya maphunziro, ziikeni mu C:\Users\Public.

Pulogalamu ikukana kulowa, kapena yalowa koma siikutseguka.

Zifukwa zofala ndi zinayi. Choyamba, mnzanu anakukoperani chizindikiro cha pa Desktop poganiza kuti ndi pulogalamu. Chimenecho ndi cholozera chabe, pamafunika fayilo yoikira. Chachiwiri, yabwera mu zip ndipo mukuitsekulira momwemo: dinani Extract All kaye. Chachitatu, ndi ya 64-bit pomwe Windows yanu ndi ya 32-bit, zomwe zimachitikachitika pa makina akale. Mungaone mtundu wanu ku Settings, System, About.

Chachinayi ndi uthenga woti VCRUNTIME140.dll kapena MSVCP140.dll ikusowa. Musapite pa masamba omwe amagawa timafayilo ta dll kamodzikamodzi, ambiri ndi misampha. Chofunika ndi Visual C++ Redistributable, yomwe Microsoft imapereka ulere pa tsamba lake. Ndipo ngati vuto ndi Office yobedwa yomwe ikungopempha kiyi, LibreOffice ndi yaulere, imatsekula mafayilo a Word ndi Excel, ndipo siifuna kuti muzimitse chitetezo cha makina anu kuti ilowe.

Intaneti ilipo koma tsamba lililonse likuti "Your connection is not private".

Yang'anani deti pakona ya sikirini. Ngati ikusonyeza chaka chakale, kabatire kozungulira ka mkati mwa kompyuta katha. Dzina lake ndi CR2032, ndipo kusintha kwake n'kosavuta mukazimitsa makina n'kuzula chingwe cha magetsi. Konzani deti, ndipo pa chigawo cha nthawi sankhani Harare, Pretoria, chomwe chimafanana ndi nthawi ya kuno kwathu.

Kanema wa ukwati akukana kulowa m'fulashi chonsecho malo alimo ambiri.

Fulashiyo ili mu FAT32, yomwe siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB ngakhale fulashi itakula bwanji. Koperani zomwe zilimo, muifomate mu exFAT, kanemayo alowa. Koma dziwani kuti mawailesi ambiri a m'galimoto ndi ma TV akale amawerenga FAT32 yokha, choncho ya nyimbo isiyeni momwe ilili. Mlendo wobwera ndi Mac yake akalephera kukuikirani zithunzi pa disiki yanu, chifukwa chake n'chapafupi ndi chomwechi: Mac imawerenga disiki ya NTFS koma payokha siilembapo. ExFAT imagwira konsekonse.

Dzina la fayilo likukanidwa.

Mwina mwalemba deti ndi timizere topendama. Windows siilola zizindikiro izi m'dzina la fayilo: \ / : * ? " < > |. Lembani 2025-03-14, ndipo mafayilo azidzindandalika okha motsata masiku. Ofuna chilembo cha ŵ mu Word alembe 0175 kenako adine Alt ndi X pamodzi. M'kati mwa kalata chili bwino, koma m'dzina la fayilo yomwe iziyenda m'makina osiyanasiyana ndi bwino kungolemba w.

Yathu ili ndi Ubuntu, ndipo ikuti "Permission denied". Mnzanga akuti ndilembe chmod 777.

Musamumvere. Mu Linux fayilo iliyonse ili ndi zilolezo za magulu atatu: mwini wake, gulu lake, ndi ena onse. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa ndi 1, ndipo manambalawa amaphatikizidwa. Choncho 7 ndi zonse zitatu, ndipo 777 ndi kuuza makina kuti aliyense achite chilichonse. Uthenga uja usiyadi kutuluka, koma mwatsekulira aliyense khomo. Makalata wamba amakhala pa 644, mafoda pa 755.

Lembani ls -l kuti muone mwini wa fayiloyo. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi root, chifukwa wina anaipanga atayamba ndi sudo. Mankhwala ake ndi kuibweza kwa mwini wake: sudo chown dzinalanu fayiloyo. Zanu zonse zizikhala mu /home, kunja kwa kumeneko n'kwa makina. Ngati kompyuta ili ndi Windows ndi Ubuntu pamodzi, ndipo Ubuntu ikukana kulemba pa mbali ya Windows, lowani mu Windows muzimitse Fast Startup, chifukwa imasiya disiki ngati ikadali pa ntchito.

Magetsi athima ndili pakati pa kutayipa. Ndayambiranso?

Tsekulani Word kaye. Imadzisungira yokha kope pa mphindi 10 zilizonse ngati wina sanasinthe, ndipo kawirikawiri imakuonetsani kumanzere mukangoitsekula. Ikapanda kutero, pitani ku File, Open, Recover Unsaved Documents. Mphindi 10 zija mungazichepetse ku Options, Save, koma chala chizolowere Ctrl ndi S.

Ena amadabwa kuti magetsi angathime bwanji pomwe ku Golomoti kuli munda wa magetsi a dzuwa wa 20 MW, womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022. Magetsi amenewo amalowa m'mawaya a dziko lonse, sabwera pa desiki panu mwachindunji. Kompyuta ya padesiki ilibe batire ngati laputopu, ndipo kuthima kwadzidzidzi ndi komwe kumaononga mafayilo ndi disiki. Ofesi yomwe yakwanitsa kugula pulinta iyesetse kugulanso UPS, bokosi la batire lomwe limapatsa kompyuta mphamvu kwa kanthawi magetsi akathima. Kutentha kwa kuno kuchigwa mu Okutobala nako kumazimitsa makina odzaza fumbi: achotseni pansi, muwaike patebulo, ndipo musawafunditse nsalu akamagwira ntchito.

Akuti Windows 10 inatha. Makina athu titaye?

Musataye. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, monga inachitira ndi Windows 7 mu Januwale 2020. Makina akuyakabe ndipo akutayipa, koma zigamba zotseka mipata ya mavayirasi sizikubweranso ngati kale. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB ndi disiki ya 64 GB, ndipo akaunjika ambiri amagwa pa TPM kapena pa ukalamba wa purosesa. Kwa otere Linux Mint kapena Ubuntu ndi njira yabwino, makamaka ngati amalowa pa intaneti. Musanasinthe chilichonse, koperani foda yonse ya C:\Users pa disiki ina, mukatsekule mafayilo angapo pa kompyuta ina kuti mutsimikize ndi maso anu.

Amene anakonza kompyuta yathu anasamutsidwa, ndipo pasiwedi ya administrator palibe akuidziwa.

Muimbireni kaye, ndiyo njira yachidule. Ngati pali akaunti ina ya administrator, imeneyo ingasinthe pasiwedi ya inzake ku Control Panel, User Accounts. Ikakhala akaunti ya Microsoft, pasiwedi imasinthidwa pa intaneti, koma nambala yotsimikizira imapita ku foni kapena imelo ya amene anailembetsa. Zonsezi zikalephereka, mmisiri angathe kuchotsa disiki n'kukopera mafayilo anu, bola isakhale yokhomedwa ndi BitLocker.

Vuto ili ndi la kayendetsedwe ka ofesi, ndipo limapeweka. Kompyuta ya sukulu kapena ya parishi isalembetsedwe pa imelo ndi foni ya munthu mmodzi. Pasiwedi ya administrator, pamodzi ndi kiyi ya BitLocker ngati ilipo, zilembedwe papepala, ziikidwe mu envulopu yomata, zisungidwe m'kabati yokhoma momwe mumakhala chidindo cha ofesi, ndipo zitchulidwe pa kalata yosiyirana ntchito. A hedi, a mlembi, chitani zimenezi sabata ino, wosunga pasiwedi asanalandire kalata ya transifa.