PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KODI SIKELO YANU INENA ZOONA?

Nyengo yogulitsa mbewu yafika, ndipo alimi ambiri adzanyamula chimanga, mtedza ndi nyemba kunka nazo kumsika. Tsono mwezi uno tifuna kukamba za sikelo, pakuti pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri, ngakhale ophunzira, asokonezeka nacho.

Tiyerekeze kuti mlimi ali ndi thumba la mtedza lolemera makilogalamu 50 enieni. Alikoleka pa sikelo ya wogula, ndipo muvi uloza pa 47. Mlimi akayika. Wogula alitsitsa, nalikolekanso: 47. Kachitatu: 47. Pamenepo wogula ati, "Mwaona, bambo? Sikelo yanga siisintha mawu." Mlimi avomera, nalandira ndalama zake.

Pafupi pali sikelo ina yakale. Thumba lomwelo pa iyo lionetsa 49, kenaka 51, kenaka 50. Anthu aiseka kuti ndi yosokonezeka. Koma taonani: mukaphatikiza 49, 51 ndi 50, ndi kugawa patatu, mupeza 50, ndiko kulemera kwenikweni kwa thumbalo.

Akatswiri a sayansi asiyanitsa zinthu ziwiri pano. China ndi kusasintha, ndiko kuti chipangizo chipereka yankho limodzimodzi nthawi zonse. China ndi kulondola, ndiko kuti yankholo lili pafupi ndi choonadi. Sikelo yabwino iyenera kukhala nazo zonse ziwiri. Yoyamba ija inali yosasintha koma yosalondola, monga mboni yabodza pabwalo imene ibwereza nkhani yake osaphonya liwu. Ife tiona kuti yotereyi ndiyo yoopsa koposa, chifukwa palibe aikayikira. Sikelo yogwedezeka mungathe kuiwongolera poyesa kangapo ndi kutenga chapakati. Koma yonama mosasintha, ngakhale muyese kakhumi, idzakudyeranibe makilogalamu atatu pa thumba. Pa matumba 20 mwataya makilogalamu 60, thumba lathunthu ndi kwina.

Musaganize kuti vuto ili ndi la kumsika kokha. M'chaka cha 1990 a ku America anatumiza kuthambo makina aakulu oonera nyenyezi otchedwa Hubble. Galasi lake, la mamita 2.4 m'mimba mwake, analisalaza mosamala kwambiri, ndipo poliyesa linkaoneka labwino nthawi zonse. Koma zithunzi zoyamba zinafika zosaoneka bwino. Pofufuza anapeza kuti m'chipangizo choyesera galasilo kachigawo kena kanaikidwa pamalo olakwika ndi mamilimita 1.3 okha. Chotero galasi lonse linasemedwa motsata muyeso wonama. Zida zina zoyesera zinali zitasonyeza kuti pali cholakwa, koma amisiri anakhulupirira chipangizo chawo chosasintha chija. Kunatengera anthu kukwera kuthambo mu December 1993 kukaika zida zowongolera.

Nanga mlimi angachite chiyani? Kubwereza kuyesa pa sikelo yomweyo sikungakuuzeni ngati ili yolondola. Muyenera kuikapo chinthu chimene mudziwa kale kulemera kwake.

Poyamba yang'anani muvi sikelo ilibe katundu. Uyenera kuloza pa 0. Koma izi zokha sizikwana, pakuti sikelo ya sipuling'i yakale kapena ya dzimbiri ingathe kuyamba bwino pa 0 ndi kusokera katundu akachuluka. Chifukwa chake iyeseni ndi cholemera ndithu. Madzi ndiwo mboni yosavuta kupeza: lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Yesani chigubu chopanda kanthu, thiranimo malita 20 oyesedwa bwino, ndipo sikelo iyenera kuwonjeza makilogalamu 20. Mapaketi a shuga osatsegula a kilogalamu imodzi athandizanso. Thumba la mnzanu si mboni, chifukwa mwina linayesedwa pa sikelo yonama yomweyo.

Masikelo a malonda ayenera kuyesedwa ndi a bungwe la Malawi Bureau of Standards, amene asunga miyala ya muyeso wotsimikizika, ndipo sikelo imene yapambana aiikapo chizindikiro. Funsani wogula akuonetseni chizindikirocho musanatsitse katundu pangolo. Ngati akana, kapena madzi anu aonetsa 18 m'malo mwa 20, itanani anzanu aone nawo, ndipo kanenani kwa mlangizi wa zaulimi kapena kwa amfumu tsiku lomwelo.