Funsani Azakhali: Ndinagwa pa sikuta, bambo a kunyumba akundiseka

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 46. Kwathu ndi ku Dedza koma ndili ku Leicester, ku England, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Tsiku lonse ndimakhalira kuyenda wapansi kuchoka khomo ili kupita lina, chifukwa mabasi sagwirizana ndi nthawi zanga. Mnzanga wina wa kuntchito amayendera sikuta yopalasa ndi phazi, yopanda injini ija, ndipo amafika msanga asanatope. Mwezi watha nanenso ndinagula yanga. Tsiku loyamba lomwelo ndinagwa pamaso pa ana asukulu, n'kusupuka bondo ndi chikhatho. Bambo a kunyumba anaseka mpaka misozi, amvekere, “Mayi wamkulu ngati iwe pa chidole cha ana, akumpingo akakuona adzati chiyani?” Kuchokera tsiku limenelo sikutayo ili kuseri kwa chitseko. Pali china chimene sindinauzepo munthu kuno: njinga sindidziwa kukwera. Alongo anga ankakwera, koma ine agogo ankandiletsa, ati mtsikana sakwera njinga. Kodi pa msinkhu wangawu ndingaphunzirebe, kapena ndingoigulitsa?

Mayi wamanyazi, Leicester

Mwana wanga,

Musaigulitse. Mungaphunzire, ndipo sizitenga miyezi.

Mawu amene andikhudza kwambiri ndi amene mwawabisa kumapeto kwa kalata yanu. Mnzanu wa kuntchitoyo, ngati anakula ndi njinga, anagwa kambirimbiri ali kamwana, anthu n'kumamudzutsa ndi kumupukuta fumbi. Inu mwayi wogwa muli mwana munamanidwa, ndiye kugwako kwakupezani lero, pamaso pa anthu, m'dziko la eni. N'chifukwa chake kwakupwetekani mumtima kuposa pabondo. Agogo anu ankatsata zimene nawonso anauzidwa, koma pamenepa anakulakwirani. Pitani ku Nsanje, ku Salima kapena ku Karonga mukaone amayi akupalasa njinga, mwana ali kumsana, thumba la chimanga lili pakaliyala. Palibe amene amati ulemu wawo wachepa.

Zoti ndi chidole cha ana nazonso si zoona kwenikweni. Sikuta yopindika ya aluminiyamu imene yafala masiku anoyi inatchuka kudzera mwa Wim Ouboter wa ku Switzerland, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ankafuna choyendera cha munthu wamkulu pa mtunda wotalika kuyenda wapansi koma waufupi kudzutsira galimoto. Limenelo ndi vuto lanu lenileni. Ana anadzailanda pambuyo pake, makamaka m'chaka cha 2000 pamene ya mtundu wa Razor inagulidwa ngati zitumbuwa ku America. Ku Finland kuli Kickbike, ya teyala lalikulu kutsogolo, imene inayamba mu 1994, ndipo akuluakulu amapikisana nayo pa mijaha. Ngakhale kwathu ku Africa, mumzinda wa Goma ku DR Congo muli chukudu, sikuta yamatabwa imene abambo amanyamulira makala, nthochi ndi matumba olemera n'kumadyetsa mabanja awo. Anaimangira mpaka chipilala pakati pa mzinda.

Tsopano tiyeni ku sikuta yanuyo. Yambani mwaona ngati ili ya munthu wamkulu. Ya ana imakhala ndi timateyala ta masentimita 10 kapena 12, ndipo timeneti tikakumana ndi kamwala kapena mng'alu wa msewu timaima nthawi yomweyo, wokwerayo n'kupitirira yekha kutsogolo. Akuluakulu ambiri amagwa motero, ndipo sindingadabwe kumva kuti nanunso zinali choncho. Ya wamkulu mateyala ake amakhala a masentimita 20 kapena kuposa, ndipo zambiri zimalembedwa kuti zimanyamula makilogalamu 100. Werengani pa yanuyo. Mahandulo akwezeni afike cha m'chiuno mutaima popondera. Akatsika kwambiri mudzawerama, thupi lonse lidzalemera kutsogolo. Nthawi iliyonse musanakwere, gwedezani polumikizira paja poipindira, muone kuti pagwira.

Pophunzira musapitenso kumsewu wa ana asukulu. Pezani malo osalala, athyathyathya, ngati poimika magalimoto pamene palibe anthu, kapena njira yaphula ya m'paki m'mamawa. Pa udzu ayi, mateyala sayenda. Valani nsapato zafulati zomanga ndi zingwe, thalauzi, magolovesi ndi chipewa cha njinga chotetezera mutu. Chitenje ndi siketi yaitali zisiyeni kunyumba, zimakodwa ku teyala lakumbuyo. Za magolovesizi musazipeputse: munthu akamagwa amatsogoza manja, ndipo inu manja anu ndiwo amadzutsa ndi kusambitsa okalamba aja. Ngati mungapeze zotetezera pamfundo ya dzanja zimene amavala osewera pa nsapato zamateyala, gulani.

Tsiku loyamba musakwere n'komwe. Iyendetseni ndi manja muli pambali pake, muzikhota uku ndi uku, mumve mmene imamvera mahandulo. Kenako ikani phazi limodzi popondera, zala zitaloza kutsogolo, ndipo muziyenda ndi phazi linalo ngati mukungoponda masitepe aafupi. Mukazolowera, kankhani kamodzi mwamphamvu pang'ono, nyamulani phazi, muwerenge mpaka katatu, mulibwezere pansi. Phunziro lonse lagona pamenepa. Ubwino wa sikuta kuposa njinga ndi woti pansi pali pafupi, ndipo mukachita mantha mumangotsika n'kuyenda nayo.

Pali zinthu ziwiri zimene mantha adzakuuzani mosemphana ndi choonadi. Mantha adzati yang'ana kumapazi, pamene muyenera kuyang'ana patsogolo, kumene mukupita. Munasenzapo ndowa yamadzi kuchokera kumjigo, ndipo mukudziwa kuti woyang'ana pansi ndiye amataya madzi, pamene woongola khosi thupi limadzikonza lokha. N'chimodzimodzi pano. Mantha adzatinso yenda pang'onopang'ono kwambiri, chonsecho sikuta ikamakwawa m'pamene imagwedezeka. Ikakhala ndi kaliwiro ngati ka munthu woyenda ndawala imakhazikika yokha.

Bondo la mwendo woponderawo lizikhala lopindika pang'ono, ndipo lizitsika pamene mukukankha. Kankhirani ndi kutsogolo kwa phazi, osati chidendene, mikankho yaitali yodekha, osati yaifupi yothamanga. Mudzadabwa kuti mwendo umene umatopa ndi woima uja, osati wokankha. Choncho phunzirani msanga kusinthana miyendo. Poyamba muziima kaye n'kusintha, luso losintha ili mkati moyenda lidzabwera lokha. Mukazolowera mwendo umodzi, chiuno ndi msana zidzayamba kudandaula, ndipo ntchito yanu ndi yofuna msana.

Buleki ya masikuta ambiri ndi chotchinga matope cha teyala lakumbuyo, chimene mumachiponda ndi chidendene. Iphunzireni musanaphunzire liwiro. Poiponda, bwezerani thupi kumbuyo ndipo mupinde mawondo. Mudziwenso kuti buleki imeneyi ikanyowa sigwira bwino, ndipo ku England mvula siisowa. Masamba onyowa, zivundikiro zachitsulo za mumsewu ndi madzi oundana m'nyengo yozizira ndi adani anu. Zikatero tsikani muziikoka, palibe chamanyazi. Chimodzimodzi pa mtsetse, podutsa msewu, ndi pamene pali khamu la anthu kapena wokalamba woyenda ndi ndodo. Manja onse awiri asachoke pa mahandulo, foni ikalira imani. Chikwama chikhale cha kumsana, chifukwa chopachika pa mahandulo chimakokera sikuta mbali imodzi. M'mwezi wa Disembala kumeneko kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho mudzafunika nyali ndi chovala chowala.

Mwina wina adzakuuzani kuti mungogula yamagetsi kuti musamavutike ndi kupalasa. Musamvere. Ku Britain sikuta yamagetsi ya munthu payekha siloledwa mumsewu kapena m'njira za oyenda pansi, ndipo apolisi atha kuilanda. Zololedwa ndi zobwereketsa zokha, m'mizinda imene boma lakhala likuziyesa kuyambira mu 2020, ndipo zimafuna laisensi yoyendetsera galimoto. Musadziputire mlandu m'dziko la eni. Yopalasa ndi phazi yanuyo ilibe injini, ndipo nkhani imeneyi siikukukhudzani.

Muziyeserera kwa mphindi 15 kapena 20 basi, n'kusiya musanatope, chifukwa munthu wotopa ndiye amagwa. Mukafika potha kuima pamene mwafuna ndi kukhota mbali zonse ziwiri, sankhani ulendo umodzi waufupi wa kuntchito, muuyende kaye tsiku lopuma kuti mudziwe pamene pali maenje. Mnzanu wa kuntchito uja mupempheni akuperekezeni, ndipo mumuuze zoona kuti njinga simunakwerepo. Adzadziwa poyambira. Ngati muli ndi vuto la chizungulire kapena mawondo otupa, onanani ndi dokotala kaye.

Za bambo a kunyumba sindikufuna kuzilambalala. Kuseka mkazi wako akutuluka magazi si nthabwala, ngakhale woseka atati sankafuna kupweteka. N'kutheka kuti sakudziwa kutalika kwa mitunda imene mumayenda, ndipo za agogo zija mwati simunauzepo munthu, ndiye kuti nawonso sakuzidziwa. Akhazikeni pansi nthawi imene nonse mwadya ndipo mitima ili m'malo. Auzeni kuti miyendo imakhala itatupa pofika madzulo, kuti sikutayi ndi chida cha ntchito imene ikuthandiza pakhomopo ndi kumudzi komwe, ndiponso kuti kuseka kwawo kunakupwetekani. Kenako apempheni chinthu chimodzi chooneka: akuperekezeni kupaki Loweruka m'mawa, akakunyamulireni chikwama. Akavomera, alekeni nawonso ayese. Akakana, pitani ndi mnzanu uja, chifukwa chilolezo cha kuphunzira simukuchipempha kwa iwo kapena kwa akumpingo.

Ndine wanu,
Azakhali