Phunziro 14: Munda ndi Nkhokwe za Makolo Athu

Amayi ndi abambo, tiyeni tiwerenge.

Kale kuno ku Lifidzi ndi m'midzi ya kufupi ndi phiri la Domwe, makolo athu ankalima ndi khasu la osula. Ankaunda matutu, nakwirira udzu kuti uwolere momwemo. M'munda umodzi munkakhala chimanga, nyemba ndi maungu. Mawere ankafesa pena. Mbewu ina ikakanika, ina inkapulumutsa banja.

Luso lalikulu linali pa kusunga. Chimanga chinkalowa m'nkhokwe yoikidwa pamwamba kuti chinyezi chisachipeze. Ngala zabwino za mbewu ankazipachika pamwamba pa moto. Utsi unkazidetsa bii, koma anankafumbwe sankaziyandikira. Nyemba ankazisakaniza ndi phulusa, kuzithira mumtsuko, kenaka kumata pakamwa pake ndi dothi. Ndiwo zamasamba ankazifutsa ndi kuzimanga m'chikwatu, zodzadya m'chilimwe. Mtondo, munsi, mphero ndi lichero zinkamaliza ntchito. Zonsezi sizinkafuna ndalama.

Masiku ano ku Angónia timalima mbatatesi yambiri. Imabweretsa ndalama, ndipo palibe amene akuikana. Koma tamverani za dziko lina.

Ku Ulaya kuli dziko lotchedwa Ireland. Kale alimi osauka a kumeneko ankakumba mizere ikuluikulu pamanja, nabzala mbatatesi. Ankaiphika mumphika wachitsulo wa miyendo itatu. Minda yabwino inali ya eni malo olemera, ndipo tirigu ankapita ku msonkho wa malo. Wosauka anatsala ndi mbatatesi yokha, m'mawa ndi madzulo. Mu 1845 matenda a chiwawu anagwira mbatatesi, ndipo inawolera m'nthaka. Njala inakhala zaka zingapo. Anthu pafupifupi 1,000,000 anafa, ndipo ena ochuluka chomwecho anathawa m'dzikomo.

Chiwawu chimenechi nafenso timachiona m'minda yathu mvula ikachuluka. Mbatatesi sikhalitsa ngati nyemba za mumtsuko.

Werengani mokweza: nkho-kwe, mtsu-ko, mbe-wu, phu-lu-sa.

Kambiranani: Kodi m'munda mwanu muli mbewu zingati chaka chino? Ndani m'mudzi mwanu amene akudziwabe kuumba mtsuko kapena kuluka nkhokwe? Nanga waphunzitsa ndani?

Lembani m'kope mwanu mayina a ziwiya zisanu za m'nyumba mwanu.